Volovolo ya Anthu Awiri

Hositelo ya Vosloorus
9 Ogasiti 1998

Wokondedwa Nofezile, MamTolo wanga, mwana wamkazi wa kwa Tolo,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi ana ndiponso amayi ako. Ine kuno ndili moyo, kungoti kuzizira kwa chaka chino kwandilowa m'mafupa. Mlongo wako Lizo alinso bwino. Akunenepa ngati amadyera kwina, chikhalirecho poto wathu ndi mmodzi. Ndikaphika mphale ya nyemba n'kumusiyira kuti adye theka, ndimapeza poto wowala kuposa mmene tinamugulira. Wati ndikupatse moni, ndipo wati kalata alemba mawa. Mawa lakelo iwe ukulidziwa bwino.

Ndatumiza marandi mazana anayi papositi. Ugule mankhwala a nkhupakupa nkhosa zisanayambe kuthothoka ubweya. Nkhosa yamphongo yamawanga akuda ija usagulitse, ngakhale abusa atabwera ndi mawu okoma. Imeneyo ndi ya mwana wathu Siviwe akamapita kuchinamwali kuphiri mu Disembala kukakhala mwamuna. Bulangete ndi jekete ndigula konkuno, za kwathuko ku Tsomo n'zodula pachabe.

Ntchito ikuyenda monga kale. Tikulonderabe pa golosale yaikulu ija ya ku Germiston, ine ndi Lizo mosinthana. Sabata ino ine usana iye usiku, sabata yamawa titembenuza. Bedi pahositelo pano ndi limodzi, ndikamadzuka iye amagona pofunda kale. Mfuti nayo ndi imodzi yomwe ija, volovolo yakale ya kampani. Woweruka amavula lamba pageti n'kumuveka mnzake. Lizo anaipatsa dzina loti Makhulu, ndiye kuti Agogo, akuti ndi yakale kuposa agogo anu, ndipo akuti ife ndife amuna awiri osamala nkhalamba imodzi.

Pali kanthu kakang'ono kamene kakundisowetsa tulo. Bwana Venter, woyang'anira alonda, walengeza kuti kumapeto kwa mwezi uno tonse tikayesedwa kuwombera. Wolephera amulanda mfuti. Mlonda wopanda mfuti amamutumiza kolondera magalimoto pa theka la malipiro, mwinanso amangomuuza kuti kwanu kulipo. Zala zanga ziwiri zija zimene mwala unaphwanya kumgodi ukuzidziwa, zimapinda pang'ono n'kuima pomwepo. Kachitsulo kokhethemulira ka Makhulu n'kolimba moti kamafuna chala cha munthu wathunthu. Zaka zonsezi palibe anandifunsapo, chifukwa mfuti ya mlonda ntchito yake n'kuoneka basi. Dzana ndinachotsa zipolopolo n'kuyesa kukoka. Kachitsulo kanakana, mphuno ya mfuti n'kuloza ku Durban. Lizo anati ndiyese lamanzere. Ndinayesa, iye n'kubisala kuseri kwa chitseko ngakhale ankadziwa kuti mulibe kanthu.

Usadandaule, njira ipezeka. Kumgodi anandichotsa ndisanakonzeke, kuno sindilola kuti zibwerezeke. Uwapatse moni amayi, komanso Nosakhele mkazi wa Lizo. Umuuze asamanyamule madzi ambiri ndi mimba imeneyo.

Ndine mwamuna wako,
Velile

6 Sepitembala 1998

MamTolo,

Moni kwa iwe ndi onse a pakhomo. Kalata yako inafika, ndipo ndamva kuti chifuwa cha amayi chabwereranso. Uwatengere kuchipatala Lachiwiri, usadalire masamba okha. Ine ndili bwino, Lizo ali bwino.

Seka, mkazi wanga, mwamuna wako wakhoza mayeso. Ndikuuza mmene zinayendera, koma zikhale za m'nyumba mwathu.

Pahositelo pano pali mkulu wina wa ku Mozambiki, a Chauke, amene amakonza makina osokera, mapulaimasi ndi maloko. Anthu amanong'ona kuti eni maminibasi amabweretsanso kwa iwo zinthu zawo zolira zija za zipolopolo. Ndinawaonetsa dzanja langa. Analitembenuza uku ndi uku n'kunena kuti chala chilibe mlandu, mfutiyo ndiyo sikumudziwa mwini wake. Lamlungu golosale imakhala yotseka ndipo pageti ndimakhala ndekha, ndiye anabwera masana ndi kachikwama kawo ka zitsulo ngati munthu wodzacheza. Anayala mpango patebulo la m'kanyumba ka alonda n'kumutsegula Makhulu pamimba. Zimene anachita m'katimo sindinazitsate, maso anga anali kumsewu kuyang'ana galimoto ya Venter. Ndinangomva kukwecha kwa chitsulo. Atatseka anandipatsa nati, "Yesa, m'Xhosa iwe." Ndinakoka, kachitsulo kaja n'kubwera kokha ngati chitseko chothira mafuta. Misozi inatsala pang'ono kugwa. Ndinawapatsa marandi makumi asanu ndi theka la nkhuku yootcha.

Kubwalo la mayeso anatipatsa zipolopolo zatsopano za m'bokosi. Zanga zinalowa m'chipepala chojambulapo munthu chija, osati pamtima penipeni ayi, koma m'thupi ndithu. Venter anandiyang'ana dzanja, n'kuyang'ana pepala, n'kunena kuti nkhalamba za kumgodi sizifa msanga. Chipolopolo chimodzi chokha ndicho sichinalire, mfuti inangoti khe. Woyesa uja anachitaya m'chitini nati zimachitika, m'bokosi simulephera chowola.

Lizo anazindikira atangogwira mfutiyo. Anandikokera pambali n'kufunsa kuti, "Sibali, mlamu wanga, Makhulu wamwa chiyani? Wafewa ngati namwali." Nditamuuza anaseka mpaka kugwira pamimba, kenako anawombera bwino kuposa tonse. Tsopano akuyenda chifuwa chili patsogolo, ndipo akuti mwana akabadwa wamwamuna adzakhala msilikali.

Anzathu atatu analephera. Mmodzi ndi mkulu wa ku Lesotho wa ana asanu ndi awiri. Ndinamuona akubweza yunifomu atakulunga bwinobwino ngati wina adzamuyamika. Sindinathe kumuyang'ana kumaso.

Ndatumiza ndalama za udzu wofolera nyumba yozungulira ija mvula isanayambe. Usamulipire womangayo zonse asanamalize, ukumbukire za chaka chatha. Siviwe umuuze kuti kuphiri amapitako anthu amene alemba mayeso akusukulu, asaganize kuti nkhosa imupulumutsa.

Wako,
Velile

4 Okutobala 1998

Nofezile,

Ndakondwa kumva kuti amayi akupezako bwino ndiponso kuti nkhosa ziwiri zaswa. Ine thupi lili bwino. Lizo anali ndi dzino koma analichotsetsa, tsopano akudya ngati akubweza masiku amene anataya.

Wafunsa ngati kampani ikudziwa zimene a Chauke anachita. MamTolo, kampani ikanadziwa sukanalandira marandi amene ndatumizawa. Mfuti ya kampani saitsegula munthu wamba. Ameneyo ndi mlandu wochotsetsa ntchito, mwinanso woposa pamenepo. Funso limeneli usalifunsenso m'kalata imene Siviwe angawerenge.

Ndinafuna kukubisira izi, koma ndilibe wina womuuza. Lamlungu lapitali dzuwa lili pamutu, anyamata awiri anadula mpanda wakumbuyo kufuna mawaya amkuwa. Ndinawakuwira koma sanathawe. Mmodzi anatulutsa chikwanje n'kumabwera mosafulumira. Ndinaloza mfuti kumwamba kuti ndiwaopseze, n'kukhethemula. Inangoti khe. Ndinakokanso, khe. Kachitatu ndiye inalira, iwo n'kuthawa. Palibe chinabedwa, ndipo Venter anandiyamika. Koma pakati pa khe woyamba ndi kulira kuja ndinaona mnyamata wa chikwanje uja akuyamba kumwetulira, ndipo nkhope imeneyo sikundichoka m'maso.

Nditatsegula ndinapeza zipolopolo ziwiri zija zili ndi kachidindo kakang'ono kumbuyo, kosalowa kwenikweni. Ndinazibwezera mommo chifukwa amaziwerenga, zikasowa amafunsa.

Madzulo ake ndinapita kwa a Chauke. Ndinawapeza akusokera munthu thalauza poyesa makina. Sanadabwe n'komwe. Anandiuza mofatsa ngati akuphunzitsa mwana: "Sipuling'i imene inkalimbana ndi chala chako ndi yomweyo imene imamenya chipolopolo. Ukaifewetsa kuno, yafewanso uko. Unapempha yofewa, ndinakupatsa yofewa." Anatinso zipolopolo zimene timayenda nazo n'zakale, zamva mvula ndi thukuta zaka zambiri, zimafuna kumenyedwa mwamphamvu. Ndinawapempha kuti abwezere mmene zinalili, ngakhale ndilipirenso. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti chitsulo chimene chinagwa pansi ngati fumbi achitole bwanji. Pakufunika sipuling'i yatsopano. Alonjeza kuti afunsa kwa anzawo a maminibasi, ndidikire masabata awiri.

Ndipo ikapezeka yatsopanoyo, chala changa chidzayambanso kukanika. Zimenezo sindikuziganiza panopa. Mayeso ena ndi chaka chamawa.

Lizo sindinamuuze za Lamlunguzo. Ndimuuza. Tikakumana pageti pamakhala anthu, ndipo iye amakhala ali ndi nthabwala yake yoti amalize kaye.

Mtengo wa shuga wakwera kuno, kaya kumeneko. Mbewu ya chimanga ugule yoyera ija, yachikasu mbalame zinatimaliza. Undipempherere, koma osatchula chifukwa kutchalitchi.

Velile

1 Novembala 1998

MamTolo,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ife tili moyo.

Kalata yako yaukali ija ndaiwerenga kawiri. Walemba kuti mlongo wako ndi mmodzi yekha, ndipo ine ndikumuveka chinthu chakufa m'chiuno tsiku ndi tsiku. Walemba kuti ndipite kwa bwana ndikanene, tidzadya zimene tidzadye. Sindikukutsutsa. Mvera mmene zinthu zilili.

A Chauke kulibenso. Apolisi analowa m'hositelo muno kufuna mapepala, ndipo anawatenga pamodzi ndi ena ambiri a kwawo. Tamva kuti anawakweza sitima yopita kumalire. Zitsulo zawo anzawo a m'chipinda anagulitsa tsiku lomwelo, makina osokera a anthu n'kupitira pomwepo. Sipuling'i ija sanaipeze.

Ndinapita ku sitolo ya mfuti ku Boksburg nditavala malaya a kutchalitchi. Mzungu wa mmenemo anafunsa chiphaso. Nditati mfutiyo ndi ya kampani, anati kampaniyo ibweretse yokha ndi kalata. Kenako anayamba kufunsa dzina langa ndi kumene ndimalondera, dzanja lili pafoni. Ndinatuluka mosatsanzika.

Lizo ndinamuuza zonse Lachinayi posinthana. Lamba anali m'manja mwanga ndipo sindinafune kumupatsa. Ndinati ndikupita kwa Venter mawa lake. Kwa nthawi yoyamba chidziwireni munthu ameneyu sanaseke. Analanda lambayo n'kumanga m'chiuno, kenako anati:

"Ndiye akakuchotsa, sibali, Siviwe apita kuphiri atafunda chiyani, nyuzipepala? Mlongo wanga adya chiyani? Ndani angalembe ntchito nkhalamba ya zala zitatu?"

Ndinati moyo wake ndi waukulu kuposa bulangete.

"Zaka zonsezi pageti pano tinawomberapo munthu? Makhulu ntchito yake n'kugona pa lamba kuti anthu azimuona. Tidikire bonasi, mwana akhale mwamuna. Januwale tikanena tonse awiri kuti inagwa pansi n'kuwonongeka yokha. Ikakana ndikokanso, mabowo alipo asanu ndi limodzi, onse sangakane."

Anandimenya paphewa, nthabwala zake n'kubwerera. Akuti iye ndi malume ake a Siviwe, ndipo malume amene sanavutikepo alibe mawu pa tsiku la nyama. Ndinavomera. Ndinavomera msanga kwambiri, MamTolo, ndipo kufulumira kumeneko n'kumene kukundichititsa manyazi. Mumtima ndinkafuna kuti ayankhe choncho.

Ukafuna kumulembera umulembere, mwina iwe akumvera. Ine ndaona kuti anthu a kwa Tolo mukanena kanthu simubwerera.

Ndatumiza mazana atatu okha mwezi uno chifukwa ndayamba kulipira jekete. Ubweya wa nkhosa usapereke kwa munthu wa lole yofiira uja, sikelo yake ndi yakuba.

Mwamuna wako,
Velile

22 Novembala 1998

Wokondedwa Nofezile,

Moni kwa iwe, kwa amayi, kwa ana ndi kwa Nosakhele. Tamva kuti mvula yagwa bwino kumeneko. Kuno ikugwa yamatalala, inaphwanya mawindo a hositelo mbali ya kumadzulo.

Bulangete ndagula, loyera la mizere yofiira. Jekete ndi chipewa zili pansi pa bedi m'pulasitiki. Lizo anavala chipewacho n'kumayenda m'khonde ngati mnyamata wongotsika kuphiri kumene, anthu n'kumamuombera m'manja. Iye wagulira mwana wosabadwayo beseni lapulasitiki ndi tinsapato tosakwana ngakhale chala changa chachikulu. Wati Nosakhele asabereke iye asanafike, amudikire. Kalata yako anailandira. Anaiwerenga n'kuipinda, nati mlongo wake chiyambire amakonda kulamula.

Matikiti a basi tagula a pa 19 Disembala. Siviwe akatidikire pa siteji ya basi ku Komani ndi ngolo ya a Mbulelo a kumudziko, katundu ndi wambiri.

Sabata yatha akuba analowa golosale ina ku Alrode m'mawa anthu akugula. Anabwera pagalimoto ziwiri. Mlonda wa kumeneko anamuwombera mwendo, akuti audula. Nyengo ino ndi yawo, ndalama zimachuluka m'masitolo. Venter anatisonkhanitsa n'kutiuza kuti tikhale maso ndipo mfuti zizikhala zopukuta. Ndinapukuta Makhulu mpaka kuwala. Kupukuta ndi chinthu chokhacho chimene ndingamuchitire.

Sabata ya kumapeto kwa mweziyi usana ndi wa Lizo. Ndinamupempha tisinthane kuti ine ndigwire usana, poti usiku golosale imakhala yokhoma ndipo ndalama zimakhala zitapita kubanki. Anakana. Akuti ndikufuna kumulanda atsikana olandira ndalama aja amene amamupatsa masikono, ndipo akakuuza iwe. Ndinakakamira, iye n'kunena kuti ngati pali wina woti akumane ndi akuba ndi bwino akhale wa zala zonse. Usanawo ndinamusiyira.

Tulo sindikupeza bwino. Ndikamamuveka lamba m'mawa ndimamuyang'ana mpaka atakhota pakona ya nyumba, ndipo iye amandigwedezera matako kuti ndiseke. Kwatsala masabata anayi. Tikangofika kumeneko n'kubwerako, Januwale ndikanena, avomere asavomere.

Mowa uyambe kukonza sabata yachiwiri ya Disembala. Nkhuni zikhale zambiri. Nkhosa ija uziipatsako madeya kuti anthu asadzatiseke.

Ndine wako,
Velile

3 Januwale 1999

Nofezile,

Ndikupatsa moni chifukwa kalata imayamba ndi moni. Ndinafika bwino. Sindikudwala.

Kumaliro sitinalankhulane. Anthu anali ambiri, ndipo pamene anachepa iwe unkapeza ntchito kukhitchini. Chakudya unkandiikira patsogolo maso ali kumbali. Sindikukuimba mlandu. Ndikulemba chifukwa zimene ndinauza abale pamaliro zinali zochepa, ndipo zina ndazimva nditabwerera kuno.

Zimene aliyense akudziwa ndi izi. Loweruka la pa 28 Novembala m'mawa, amuna anayi analowa m'golosale ndi mfuti. Lizo anamuwombera pachifuwa pakhomo lolowera, ndipo anamwalira ambulansi isanafike. Ine ndinali m'tulo pabedi lathu lija. Apolisi atatsegula Makhulu anapeza zipolopolo zonse zisanu ndi chimodzi zilimo. Kampani inalemba kuti mlonda sanawombe. Mawu amenewa ndi amene anafika kumudzi ife tisanafike ndi bokosi, ndipo unamva wekha mmene anasinthira pakamwa pa anthu. Amuna kuseri kwa khola ankati mwana wa kwa Tolo anauma ndi mantha mfuti ili m'manja.

Tsiku lachitatu amayi ako anandiitana m'nyumba. Iwe unaima pakhomo ndi ketulo. Anandigwira dzanja lomweli n'kufunsa kuti, "Velile, unkagona naye bedi limodzi. Mwana wanga anali wamantha?" Ndinati sindinalipo, amayi. Ketulo ija unaiika pansi n'kutuluka.

Lachiwiri lapitali mayi wina wolandira ndalama, Dikeledi, anandipeza pageti. Chichitikireni zija anali asanabwere kuntchito. Iye anagona pansi pa tebulo lake ndipo ankaona zonse. Akuti Lizo akanatha kuthawira kuseri kwa matumba a ufa monga anachitira ena, koma anaima pakhomo chifukwa m'katimo munali amayi ndi ana. Anatulutsa mfuti bwinobwino ndi manja awiri. Dikeledi anamva khe katatu, kenako mfuti ya akubawo. Akutinso potuluka mmodzi anatola mfuti ya Lizo n'kuloza kudenga kuti aiyese. Itakana anaiponya pansi n'kutukwana. Ngakhale akuba sanaifune.

Anauza apolisi, koma wolembayo anati mayi wogona pansi ndi mantha amamva zambiri. Anandifunsa ngati ndikumukhulupirira. Ndinati ndikumukhulupirira, ndipo anadabwa kuti sindinafunse funso lililonse.

Nkhosa ya Siviwe tinadya pamaliro, ndipo iye kuphiri sanapite. Zimene tinkadikira zija zinathera pomwepo. Bulangete ndinalisiya m'bokosi lako, uliikemo mankhwala a njenjete. Tinsapato tija ndinaiwala kupereka, ndatipeza m'thumba la jekete yanga. Nditumiza ndi munthu. Undiuze ngati Nosakhele wachira, ndi dzina la mwana.

Panopa ndikulondera ndi chibonga chifukwa mfuti ili kupolisi. Venter akabwera kutchuthi ndikamuuza zonse, andichite zimene angandichite.

Velile

31 Januwale 1999

MamTolo,

Moni. Kalata yako sindinalandire, ndipo ndikudziwa kuti si positi yachedwa. Za mwana ndamva kwa a Mbulelo, kuti ndi wamwamuna ndipo ali bwino. Ndatumiza mazana anayi, theka upatse Nosakhele. Usanene kuti zachokera kwa ine ngati ukuona kuti akana.

Kwa Venter ndinapita Lachisanu. Ndinavala yunifomu yochapa ndipo katundu wanga ndinali nditamanga kale, poganiza kuti ndikagona kupolisi. Ndinamuuza zonse, za chala, za a Chauke, za Lamlungu lija, ndi zimene Dikeledi anaona. Anandisiya ndilankhule mpaka kumapeto. Kenako anadzuka n'kutseka chitseko.

"Sindinamve kanthu, ndipo iwe sunanene kanthu," anatero. "Zikadziwika kuti mfuti ya kampani inatsegulidwa, a inshuwalansi sapereka ngakhale senti kwa mkazi wa mnzakoyo. Golosale itithamangitsa, alonda makumi awiri akhala pakhomo, iwe upita kundende. Ukufuna zimenezo?"

Ndinati ndikufuna alembe kuti Lizo anakhethemula.

"Akakhethemula ndiye kuti mfuti inakana. Mfuti za kampani ino sizikana."

Sanakalipe. Ankaoneka wotopa, ndipo ndinazindikira kuti zidindo za pa zipolopolo zija anaziona kalekale. Ndinapempha kuti aipereke kokonza. Anati wokonza amalemba zimene wapeza, ndiye idikire kaye mpaka za inshuwalansi zithe, kaya ndi liti. Kuitaya sangathe, nambala yake ili m'mabuku a boma.

Anatsegula sefa n'kuika mfuti ziwiri patebulo. Ina inali Makhulu, apolisi anabweza chifukwa mfuti yosawomba si umboni wa kanthu. Pachigwiriro pali pokumbika pamene inamenya simenti. Inayo inali ya mkulu wa ku Lesotho uja amene anachotsedwa, yosakhudzidwa ndi munthu. Venter anati geti la Germiston likufuna mlonda wa mfuti kuyambira Lolemba, ndisankhe.

Ndinatenga ya mkulu wa ku Lesotho. Munalibe zipolopolo. Ndinaloza kukhoma n'kukoka ndi mphamvu zanga zonse. Kachitsulo kanayenda theka n'kuima, chala changa n'kuima nako. Ndinayesanso mpaka thukuta. Venter ankayang'ana pawindo. Ndinaiika pansi n'kutenga Makhulu.

Ndinapempha chinthu chimodzi, ndipo anavomera. Mlonda watsopano amene ndizisinthana naye, bambo wa ku Katlehong wa ana atatu, azitenga inayo. Makhulu akhala wanga ndekha, sindidzavekanso munthu wina lamba ameneyu.

Tsono ndikupempha iwe. Upite kwa amayi pamene ali okha, ukawayankhe funso limene ine ndinalephera. Uwauze kuti mwana wawo Tolo sanathawe ndipo sanaume ndi mantha. Anaima pakhomo, anakoka katatu. Amuna a kuseri kwa khola asamve mpaka Nosakhele atalandira zake, koma amayi asagone usiku wina akuganiza kuti anabala wamantha. Akafunsa chifukwa chake mfuti sinalire, yankho uli nalo chiyambire Sepitembala. Uwauze zonse, usandisungire kanthu.

Siviwe apite kuphiri mu Juni. Ugulitse nkhosa ziwiri zazikazi ugule yamphongo. Ngati sindibwera, a Mbulelo aime m'malo mwanga, ndalankhula nawo kale.

Mawa ndilowa usana. Ndi tsiku loyamba la mwezi, golosale idzaza. Ndamupukuta Makhulu ndipo akuwala bwino.

Velile